Mbiri ya Nthenda ya Malungo m'Malokeshoni a Blantyre

Pa nthenda zonse zimene zimasautsa mabanja a mamembala a Bungwe lino palibe ina yozolowereka koposa malungo, ndipo chifukwa cha kuzolowerekako anthu ambiri amangoti ndiyo nthenda ya dzinja, yobwera ndi mvula ndi kupita ndi mvula. Koma mbiri ya mzinda uno isonyeza kuti mvula payokha siikwana kulongosola chifukwa chake mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amadwala kawirikawiri pamene mnzake wa ku Namiwawa, amene mvula yomweyo imamugwera, angathe kutha chaka osatentha thupi. Nchifukwa chake Komiti inaona kuti nkoyenera kuika m'lipoti la chaka chino mbiri ya nthendayi, kuti mamembala aone mbali imene ili ya nyengo ndi mbali imene ili ya makhalidwe a anthu, pakuti mbali yachiwiriyi ndiyo imene anthu angathe kuikonza.

Chifukwa Chake Mzinda Unamangidwa Pamtunda

Malungo ali m'dziko muno chiyambire kalekale, koma mbiri yake yolembedwa iyamba ndi maulendo a Dr. David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859. Iye ankayenda ndi kwinini, mankhwala ochokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo ankawasakaniza ndi mankhwala ena otsegula m'mimba. Amishoni oyamba a U.M.C.A. anakhazikika pa Magomero m'chaka cha 1861. Bishopu wao, Charles Mackenzie, anatsikira ku chigwa cha Shire m'nyengo ya mvula. Bwato lake linagubuduka, mankhwala onse natayika, ndipo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire. Pa 27 April chaka chomwecho Mary, mkazi wa Livingstone, anamwalira ndi nthenda yomweyo pa Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Otsala a mishoniyo anasamukira kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, kumene ena anafanso, kufikira ntchito yonse inasamutsidwira ku Zanzibar m'chaka cha 1864.

A Livingstonia anakumana ndi zomwezo. Anayamba pa Cape Maclear m'chaka cha 1875, koma manda atachuluka anasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, ndipo pambuyo pake anakwera phiri la Khondowe m'chaka cha 1894. Tsono pamene Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, ankafuna malo a mishoni ya Church of Scotland, anasiya nyanja ndi chigwa, nasankha malo a m'dziko la Mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Mishoni inakhazikika m'mwezi wa October 1876, ndipo inatchedwa Blantyre potsata mudzi umene Livingstone anabadwirako ku Scotland. A Mandala anatsatira m'chaka cha 1878. Motero nkoona kunena kuti kuopa malungo kunathandiza kusankha pamene mzinda wa Kabula uli lero.

Azungu a masiku amenewo sankadziwa chimene chimabweretsa nthendayi. Ankati ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo, ndipo dzina lakuti malaria lichokera ku mau a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. Eni dziko nawo anali ndi maganizo ao: ena ankati malungo adza ndi kuvumbwa ndi mvula, ena ankati ndi kudya mango osapsa, nzimbe kapena chimanga chachiwisi, ndipo mwana akachita linjirinjiri ambiri ankaganiza za ufiti kapena tsempho. Onsewa anaona bwino nyengo ndi malo a nthendayi, koma sanaone chonyamula chake, ngakhale kuti makolo ankafukiza mpungabwi ndi ndowe m'nyumba pothamangitsa udzudzu.

Kudziwika kwa Udzudzu ndi Malire a Tauni

M'chaka cha 1880 dotolo Wachifalansa, Alphonse Laveran, anaona kachilombo ka malungo m'magazi a munthu wodwala ku Algeria. M'chaka cha 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India, ndipo chaka chotsatira Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy anatsimikiza kuti malungo a anthu amanyamulidwa ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles. Blantyre analowa msanga m'mbiri imeneyi, pakuti m'chaka cha 1899 a Royal Society ya ku London anatumiza kuno J. W. W. Stephens ndi S. R. Christophers kudzafufuza za malungo, makamaka aja a mkodzo wakuda amene ankapha azungu ambiri.

Anthu awiriwa atapitirira ku West Africa anapeza kuti ana ambiri a anthu akuda ali ndi tizilombo m'magazi ngakhale akusewera bwinobwino. Nzeru imeneyi ikanatha kutsogolera Boma kuchiza anawo. M'malo mwake uphungu umene unaperekedwa, ndipo unalandiridwa m'maiko ambiri a Angerezi, unali wakuti nyumba za azungu zimangidwe kutali ndi nyumba za anthu akuda. Ku Blantyre zinthu zinali zitayamba kale kulowera komweko. Malo ambiri ozungulira tauni anali atalembedwa m'manja mwa makampani, a mishoni ndi azungu a minda m'masiku a Harry Johnston. Khonsolo ya tauni inali ya azungu, ndipo ndalama zake za misewu, ngalande ndi madzi zinkathera m'kati mwa malire. Munthu wakuda ankafunika m'tauni usana monga wantchito, koma usiku ankayenera kukhala kunja, kupatula okhala kuseri kwa nyumba za mabwana ao.

Sitima ya pamtunda itafika m'chaka cha 1908, ndipo Limbe atayamba kukula ndi fodya wa Imperial Tobacco Company, antchito anachuluka. Msonkho wa nyumba ndi thangata zinatulutsa amuna m'midzi, Alomwe ambiri analowa kuchokera ku dziko la Apwitikizi, ndipo onsewa anafuna pogona pafupi ndi ntchito. Anapapeza m'midzi ya kunja kwa malire, m'tsinde mwa phiri la Ndirande ndi m'njira ya ku Michiru kumene kuli Chilomoni. Kumeneko kunalibe womanga ngalande kapena woyala mipope. Munthu ankakumba dothi la nyumba yake pambali pa nyumbayo, nasiya nkhuti yodzaza madzi dzinja lonse, ndipo ankatunga ndi kuchapa mu Nasolo, mu Mudi kapena mu Likhubula. Malire amene anaikidwa kuteteza anthu ochepa anasiya anthu ochuluka pamalo pamene udzudzu umaswana.

Mbali ya Nyengo

Kuti mbiri yotsatira imveke, nkofunika kulongosola mmene nyengo igwirira ntchito. Udzudzu waukazi wokha ndiwo umaluma, pofuna magazi okhwimitsira mazira ake. Umaikira mazira pamadzi, ndipo nyengo yotentha pamapita sabata imodzi kapena masiku 10 kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Chithaphwi chimene chiuma masiku atatu sichibala kanthu, koma chimene chikhala masabata awiri chimatulutsa khamu. Blantyre amalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pa chaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa November ndi April. Nchifukwa chake odwala amachuluka kuyambira January kufikira April ndi May, patapita masabata angapo mvula itakhazikika. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo m'matopemo ndimo muli malungo.

Kutentha kuli ndi mbali yakenso. Kachilombo kotchedwa Plasmodium falciparum, kamene kamabweretsa pafupifupi malungo onse a m'Malawi, kayenera kukula m'thupi la udzudzu kasanathe kupatsira munthu wina. Pa madigiri 25 kamakhwima m'masiku pafupifupi 12. Pa madigiri 20 pamafunika masabata atatu kapena kuposa. Ndipo kukazizira kutsika madigiri 18 kukula kwake kumachedwa kotero kuti udzudzu wambiri umafa kachilomboko kasanakhwime. Apa ndipo pali mwayi wa Blantyre. Chiperoni cha June ndi July chimadula unyolo wa nthendayi kwa kanthawi, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene dziko lili pansi ndi lotentha, malungo sapuma kwenikweni. Ndipo m'kati mwa boma la Blantyre lomwe, mbali yotsikira ku Chileka, Lunzu ndi Lirangwe njotentha kuposa Bangwe ndi Limbe.

Si udzudzu wonse umene umanyamula malungo. Uja wolira m'makutu wochokera m'ngalande zonunkha ndi m'zimbudzi ndi wa mtundu wa Culex, ndipo ngakhale usowetsa tulo, malungo sunyamula. Anopheles gambiae ndi Anopheles arabiensis amakonda madzi oyera oombedwa ndi dzuwa, monga a m'maenje oumbira njerwa, m'mapazi a ng'ombe, m'mikwasa ya matayala a galimoto ndi m'zitsime za m'madimba. Anopheles funestus amakonda madzi okhalitsa okhala ndi udzu, monga m'madambo ndi m'mbali mwa madamu, ndipo ndiye amapitiriza nthendayi mvula itatha. Onsewa amaluma makamaka usiku, ndipo amalowa m'nyumba kudzera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Mamembala aone kuti pa malo onse atchulidwawa, ochuluka ngopangidwa ndi manja a anthu.

Kukula kwa Malokeshoni

Njala ya 1949, imene inakantha kwambiri boma la Blantyre mvula itadula pakati pa dzinja, inasonyeza mmene anthu a m'midzi yozungulira tauni analiri pangozi. Ngakhale m'zaka zabwino, miyezi ya January ndi February ndiyo ya nkhokwe zopanda kanthu, ndipo ndiyo miyezi yomweyo ya malungo. Mwana wosadya mokwanira amachepa magazi, malungo nawo amaswa magazi, ndipo ziwirizi zikakumana mwana amafika ku chipatala atayera m'manja ndi m'zikope.

Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala tauni imodzi m'chaka cha 1956, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha cha Gulupu, chinatsegulidwa m'chaka cha 1958. M'zaka zomwezo maiko a pa dziko lapansi anali pa nkhondo yaikulu yofuna kutha malungo. Bungwe la World Health Organization linaiyamba m'chaka cha 1955, podalira kupopera DDT m'nyumba ndi mankhwala a kolorokwini. Ku Europe nthendayi inatha, koma maiko ambiri a mu Africa anasiyidwa kunja kwa ntchitoyo poganiza kuti alibe misewu, zipatala ndi antchito okwanira, ndipo m'chaka cha 1969 ntchito yonse inalekeka. Nkoyenera kukumbukira kuti ku England malungo anali atazilala kale m'zaka za m'ma 1800, udzudzu usanadziwike nkomwe, chifukwa cha kukhetsa madambo, nyumba zabwinopo ndi kutsika mtengo kwa kwinini. Kumeneko chuma ndi makhalidwe zinachita zimene mankhwala opopera anadzachita kwina.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, malire a khungu anachoka, koma malire a chuma anatsala pamalo omwewo. A Malawi Housing Corporation, amene anayamba ntchito chaka chomwecho, anamanga nyumba za lendi ndi kugawa mapuloti kuti anthu adzimangire okha, ndipo mwa njira imeneyi madera a Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni ndi Ndirande anakula, ndipo pambuyo pake Machinjiri. Koma anthu ankabwera msanga kuposa mapuloti. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 109,000 mu mzinda. Wa 2018 anapeza oposa 800,000. Osowa puloti anamanga m'mphepete mwa mitsinje ndi m'matsitso a mapiri. Nyumba iliyonse yatsopano inafuna njerwa, ndipo uvuni uliwonse unasiya dzenje. Mitengo ya m'phiri la Ndirande inatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo madzi amene kale ankalowa pansi anayamba kutsika mwaliwiro, kukumba zigwembe ndi kusiya zithaphwi kumunsi.

Pali chinthu chinanso chimene ofufuza a m'zaka zaposachedwa anachipeza. Pakati penipeni pa lokeshoni yothithikana, pamene madzi ali auve, Anopheles sachuluka kwenikweni. Ngozi imakula cha kumalire, kumene nyumba zayandikana ndi minda, madimba ndi madambo, monga mbali zina za Machinjiri ndi kunja kwa Bangwe ndi Chilomoni. Ndiponso ambiri odwala m'tauni amakhala atangobwera kumene kuchokera kumudzi. Munthu wa ku Blantyre sanadule mizu yake: amapita ku maliro ku Chikwawa, kukakolola ku Phalombe, kukagula nsomba ku Mangochi, ndipo kumeneko amagona pa mphasa popanda neti. Mwana wobadwira m'tauni, amene thupi lake silinazolowere kulimbana ndi tizilomboti, ndiye amabwerako atadwala koposa. Anapezanso kuti ana a sukulu, amene nthawi zambiri amatsala opanda neti pamene makolo agona ndi khanda, ndiwo ambiri amasunga tizilombo m'magazi osaoneka kudwala.

Mankhwala ndi Zimene Zinaoneka ku Ndirande

Kwa zaka zambiri kolorokwini anali bwenzi la munthu wosauka, pakuti anali wotsika mtengo ndipo ankapezeka m'kagolosale kalikonse. Koma anthu ankamwa pa kutentha thupi kulikonse, ndipo ambiri ankasiya akangomva bwino. Tizilombo tosamva mankhwalawa tinaoneka ku East Africa m'chaka cha 1978, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tinafala m'Malawi, ana nayamba kufa atamwa mankhwala. M'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kutenga SP, amene anthu amamudziwa ndi dzina lakuti Fansidar, ndipo chaka chomwecho anayamba kupereka SP kwa amayi oyembekezera ku sikelo. SP nayenso anafooka, ndipo m'chaka cha 2007 Boma linasinthira ku LA. Kuyambira 2011 zipatala zinalandira zipangizo zoyezera magazi pa chala, zopereka yankho m'mphindi zochepa.

M'nthawi yomweyi dzina la mzinda uno linamveka pa dziko lonse. Dr. Malcolm Molyneux ndi Dr. Terrie Taylor anayamba kufufuza malungo a mu ubongo ku Gulupu m'chaka cha 1986, ndipo m'chaka cha 1989 anafalitsa muyeso woonera kukomoka kwa mwana, wotchedwa Blantyre Coma Score, umene madotolo amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri. Ku Gulupu komweko kunadziwika kuti malungo a mu ubongo amasiya zizindikiro m'kati mwa diso, ndipo m'chaka cha 2015 kunafalitsidwa kuti chimene chimapha ana ambiri otere ndi kutupa kwa ubongo.

Ku chipatala cha Ndirande kunachitika chinthu chodabwitsa. M'chaka cha 2005 ana 210 odwala malungo anagawidwa pawiri, ena napatsidwa kolorokwini, ena SP. Kolorokwini, amene anali atasiyidwa kwa zaka 12, anachiza 99 pa 100 alionse, pamene SP anachiza 21 okha. Tizilombo tosamva kolorokwini tinali titazimirira chifukwa anthu analeka kumwa mankhwalawo. Boma silinawabwezere m'zipatala, popeza m'maiko oyandikana nawo tizilombo tosamva tinali tikadalipo, koma phunziro linaoneka poyera, lakuti mphamvu ya mankhwala imasungidwa kapena kuonongedwa ndi mmene anthu amawamwera.

Maneti ndi Mvula ya Zaka Zino

Ntchito yogulitsa maneti onyikidwa m'mankhwala pa mtengo wotsika inayambira m'boma la Blantyre m'chaka cha 1998, ndi maneti otchedwa Chitetezo, isanafalikire dziko lonse. Popeza osauka kwambiri sankatha kugula ngakhale pa mtengo wotsikawo, Boma linayamba kugawa aulere kwa amayi oyembekezera ndi ana, ndipo m'chaka cha 2012 linagawa khomo ndi khomo m'dziko lonse. Malungo anachepa ndithu. Koma udzudzu, makamaka funestus, unayamba kusamva mankhwala a m'manetiwo, ndipo kunafunika mitundu yatsopano. M'nyumba ya chipinda chimodzi mogona anthu asanu ndi mmodzi, neti imodzi siikwana, ndipo umphawi wasandutsa maneti ena mpanda wa dimba kapena khola la anapiye. Pa 23 April 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana m'maboma osankhidwa, ndipo World Health Organization inamuvomereza m'chaka cha 2021. Katemerayu amachepetsa kudwala koma sateteza kotheratu.

Nyengo nayo yasintha makhalidwe ake. Madzi osefukira a January 2015, namondwe Idai wa 2019, Ana wa 2022 ndi Freddy wa March 2023 anatsatana m'zaka zochepa. Freddy anagumula phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja, napha anthu oposa 1,000 m'dziko lonse. Mvula yotere poyamba imakokolola mphutsi za udzudzu, koma ikatha imasiya madzi oima ponseponse, ndiponso imasiya mabanja ataunjikana m'makalasi a sukulu, maneti ao atapita ndi matope. Amene anavutika koposa ndi omwe aja anamanga m'matsitso ndi m'mbali mwa mitsinje chifukwa chosowa malo ena. Ndipo pamene dziko lapansi likunka litentha, kuzizira kumene kunakopa Henderson kuti akwere phiri sikungadaliridwe monga kale.

Zimene Komiti Ikupempha

Poona mbiri yonseyi, Komiti ikuika pamaso pa mamembala zinthu izi. Choyamba, aliyense woumba njerwa akwirire dzenje lake mvula isanayambe, ndipo nthambi za Bungwe zikambirane ndi mafumu ndi makhansala za maenje akale amene eni ake sadziwika. Chachiwiri, eni nyumba za lendi atseke mpata wa pakati pa khoma ndi denga ndi kuika sefa m'mazenera, pakuti mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi wa bokosi la maliro. Chachitatu, popita kumudzi, ngakhale ku maliro a usiku umodzi, neti ilowe m'chikwama, ndipo ana a sukulu asaiwalidwe pogawa maneti m'nyumba. Chachinayi, mwana akatentha thupi apite ku chipatala tsiku lomwelo kukayezedwa magazi, ndipo akapatsidwa LA amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka atatha. Akachita linjirinjiri kapena kukomoka, asachedwetsedwe ndi maula. Chachisanu, amayi oyembekezera ayambe sikelo msanga.

Koma zazikulu, monga ngalande, mipope ya madzi, mapuloti okonzedwa bwino ndi kubzalanso mitengo m'mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe, banja limodzi silingathe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mabungwe a makolo, amene anagwirizana mu Blantyre muno kupanga Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944, ankalembera Boma za sukulu, zipatala ndi malo mosatopa ngakhale mayankho ankachedwa. Komiti ikupempha kuti nthambi iliyonse ilembe malo onse oima madzi m'dera lake ndi kuwapereka kwa Mlembi mwezi wa September usanathe, kuti kalata ya Bungwe ikafike ku Khonsolo ya Mzinda mvula yoyamba isanagwe.